Chamba Chopanga: Lamulo Linene Poyera, Wapolisi Anene Zoona

Mtundu wa anthu umakhala pa mtendere ndi bata pamene zinthu ziwiri zili m'malo mwake. Choyamba ndi lamulo limene munthu wamba angathe kulimva, kuti adziwe choletsedwa asanachikhudze. Chachiwiri ndi wapolisi amene akanena kuti wapeza chakutichakuti m'thumba la munthu, bwalo la milandu likhoza kumukhulupirira popanda kukayika. Sabata ino tifuna kukambirana nanu, atsogoleri a Chipani ndi antchito a Boma, za mtundu wina wa mankhwala ozunguza bongo umene ukuyesa zinthu ziwirizi nthawi imodzi m'maiko ambiri, ndipo ife Amalawi tiyenera kuukonzekera. Mankhwalawo ndiwo chamba chopanga.

Chamba chenicheni tonse timachidziwa. Ndi mbewu ya m'munda, ili ndi masamba ake, njere zake ndi fungo lake losabisika. Mbiri ya fodya wamkulu wa ku Nkhotakota idafika ndi kutsidya kwa nyanja komwe. Lamulo la mankhwala oopsa, Dangerous Drugs Act, lidakhazikitsidwa mu 1956, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo kwa zaka zambiri munthu wopezeka ndi chamba popanda chilolezo wakhala akuimbidwa mlandu potsata ndime 4(a) ya malamulo aang'ono a mankhwala oopsa, powerengera pamodzi ndi gawo 19(1) la lamulolo. Njira yake ndi yopendeka bwino. Wapolisi akagwira, katunduyo amapita naye ku Chitedze, kapena ku Bvumbwe ngati kuli kummwera. Akatswiri a zomera amamuona ndi kulemba kalata yotsimikiza kuti ichi ndi chamba, cholemera mwakuti. Kenaka bwalo limagamula. Mboni yaikulu pa mlandu wotere ndi chomeracho.

Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, limene lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Lamulo limeneli silidaloleze kusuta. Komabe mukacheza ndi anyamata pa Biwi Triangle kapena pa msika wa Nsungwi ku Area 25, mudzamva ena akunena motsimikiza kuti Boma lidaloleza chamba. Apa pakuoneka kale kuti lamulo likalembedwa m'Chingerezi ndi kusungidwa m'mabuku a ku Capital Hill, m'makwalala mumayenda lamulo lina la mphekesera. Ngati chisokonezo chilipo pa chomera chimene aliyense amachidziwa, nanga kudzakhala bwanji pa chinthu chimene maso sangachizindikire?

Chamba chopanga sichimera m'munda. Ndi ufa wochokera m'nyumba zopangira mankhwala. Ena mwa mankhwalawa adawapanga ndi akatswiri ofufuza, monga John W. Huffman wa pa yunivesite ya Clemson ku America, amene m'zaka za m'ma 1990 adali kufufuza momwe chamba chimagwirira ntchito m'thupi. Amodzi mwa mankhwala akewo amatchedwa JWH-018, potengera zilembo za dzina lake. Anthu adyera adatola nzeruzo, nayamba kusungunula ufawo m'madzi a mankhwala ndi kuuwaza pa masamba ouma a mtundu wina uliwonse. Cha m'ma 2004 timapaketi tolembedwa Spice tidayamba kugulitsidwa ku Ulaya ngati zofukiza za zitsamba, ndipo ku America tidatchuka ndi dzina la K2. Ogulitsa adali kunena poyera kuti katundu wawo ndi wololedwa, pakuti dzina lake silidali m'buku lililonse la malamulo. Padapita zaka chinsinsicho chisanaululike, kufikira mu Disembala 2008 pamene akatswiri a ku Germany adapeza JWH-018 m'timapaketimo.

Dzina lakuti chamba chopanga lisatinyenge kuti mphamvu yake ndi yofanana ndi ya chamba cha m'munda. M'chamba chenicheni muli mankhwala otchedwa THC, ndiwo amaledzeretsa. THC ikafika mu ubongo imagwira timalo tina timene akatswiri amatitcha CB1, koma imatigwira pang'ono, monga munthu wotsegula mpopi theka. Mankhwala opangawa ambiri amatsegula mpopiwo mpaka kumapeto. Kuwonjezera apo, powaza ufawo pa masamba palibe muyeso: ndudu imodzi ikhoza kukhala yopepuka, inzake ya m'paketi lomwelo nkukhala yakupha. Madokotala m'maiko amene vutoli lidafika aona achinyamata akukomoka, akugwa ngati akhunyu, mtima ukuthamanga, impso zikuwonongeka, mutu ukusokonekera, ndipo ena akufa. Zipangizo wamba zoyezera chamba m'mkodzo sizimawaona mankhwalawa, chifukwa zidapangidwa kuti zizifufuza THC.

Vuto la malamulo lagona apa. Malamulo a mankhwala oopsa a mtundu wa lathuli amayenda ndi mndandanda wa maina: chimene chalembedwa ndicho choletsedwa. Dziko la Germany lidaletsa JWH-018 mu Januwale 2009, koma patangopita masabata owerengeka, m'timapaketi tomwe tija mudapezeka mankhwala ena apachibale otchedwa JWH-073. Opanga adangosintha kachigawo kakang'ono, dzina lidasintha, ndipo lamulo lidatsalira m'mbuyo. Bungwe la United Nations lidaika JWH-018 pa mndandanda wa pangano la 1971 m'chaka cha 2015, pamene ochita malondawa adali atasamukira kale ku mitundu ina. Ku Ulaya kokha akatswiri awerengapo mitundu yoposa 200. Ataona kuti kuthamangitsana ndi maina sikuphula kanthu, a ku Britain adakhazikitsa lamulo la Psychoactive Substances Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu Meyi 2016, loletsa kupanga ndi kugulitsa chinthu china chilichonse chozunguza bongo kupatula zochepa zotchulidwa, monga mowa, fodya, khofi ndi mankhwala a kuchipatala. Dziko la China nalo, kuyambira pa 1 Julayi 2021, lidaletsa banja lonse la mankhwalawa pakamodzi.

Machenjera oterewa si achilendo kwa ife. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, sipadatenge nthawi kuti mowa waukali womwewo ubwerere m'timabotolo timene ana athu amatitcha midoli. Chidasintha ndi chovala, koma chakumwacho ndi ogula ake adali omwewo. Amene adaona zimenezi ku Mchesi, ku Chinsapo ndi ku Mgona sadzavutika kumvetsa momwe wamalonda amazembera lamulo lolembedwa mopapatiza.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu. Ayi ndithu. Ku Mauritius, dziko limene tili nalo limodzi m'bungwe la SADC, chamba chopanga chidayamba kufala cha m'ma 2013 ndipo chidalowa mpaka m'masukulu. Ku Sierra Leone mankhwala otchedwa kush adasakaza achinyamata kotero kuti mu Epulo 2024 Pulezidenti Julius Maada Bio adalengeza kuti dzikolo lili pa ngozi. Kafukufuku amene adatuluka mu 2025 adasonyeza kuti mu kush muli chamba chopanga pamodzi ndi mankhwala ena oopsa koposa otchedwa nitazenes, ndi kuti zina mwa zipangizo zake zimalowa m'dzikomo m'timaphukusi ta mtokoma. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Matumba a chamba cha m'munda amafuna galimoto, ndipo amanunkha pa malo ochitira chipikisheni. Ufa wokwanira kuwaza ndudu zikwizikwi umakwana m'envulopu. Mzinda wa Lilongwe uli ndi bwalo la ndege la Kamuzu, uli pafupi ndi zipata za Mchinji ndi Dedza, ndipo pa kalembera wa 2018 udali ndi anthu 989,318, ambiri mwa iwo achinyamata okhala m'malokeshoni. Msika umene wamalonda wotere amaufuna ulipo kale.

Tsono tiyeni tiganizire wapolisi wathu. Tiyerekeze kuti ali pa ntchito usiku ku Kawale kapena ku Area 23, ndipo wapeza mnyamata ali ndi kapepala ka masamba ouma, maso ali psuu, miyendo ikukana. Masambawo sanunkha chamba. Akawatumiza ku Chitedze, katswiri wa zomera adzanena zoona kuti ichi si chamba, pakuti poizoniyo ali m'mankhwala owazidwawo, amene amaoneka ndi makina okha. Kodi wapolisiyo alemba mlandu wanji m'buku lake?

Patsogolo pake pali njira zitatu. Akhoza kulemba kuti wapeza chamba, podziwa kuti ndiwo mlandu umene aliyense adauzolowera, ndipo mnyamata wamantha, wopanda loya, akhoza kuvomera mlanduwo kuti zithe msanga. Limenelo ndi bodza, ngakhale cholinga chitakhala chabwino chotani. Akhozanso kuuza mnyamatayo ndi makolo ake kuti mlanduwu ndi waukulu koma tikhoza kukambirana, ndipo nkhaniyo nkuthera kuseri kwa ofesi, ndalama zitasintha manja. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo chimakula bwino pamene woopsezedwayo sadziwa ngati walakwiradi lamulo. Njira yachitatu ndiyo kulemba chimene waona basi: masamba osadziwika, olemera mwakuti, otengedwa pa malo akuti, nthawi yakuti, pamaso pa mboni zakuti, kuwamata bwino, kuwatumiza kumene kuli makina, ndi kuthamangira naye wodwalayo kuchipatala. Njira yachitatuyi ndiyo yokha yoyenera yunifolomu ya Boma. Koma tinene chilungamo: ndiyonso yovuta koposa, ngati lamulo silinena momveka ndipo zotsatira za kuyeza zimachedwa. Dziko limene lisiya wapolisi wake mumdima wotere likumuika pa mayesero tsiku ndi tsiku.

Malamulo oyendetsera dziko lino sadatisiye osadziwa pa nkhaniyi. Gawo 42 limanena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, aonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48, ndiponso kuti munthu asapezeke wolakwa pa chinthu chimene sichidali mlandu pa nthawi imene adachichita. Tidaonanso ndi maso athu chimene lamulo losamveka limabala. Kwa zaka zambiri mlandu wa vakabu udali thumba loponyamo aliyense woyenda usiku, kufikira mu Januwale 2017 pamene Bwalo Lalikulu la Milandu ku Blantyre lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mlanduwo udali wa wogulitsa majumbo amene adagwidwa m'bandakucha akupita ku msika wa Limbe. Mu 2022 Bwalo Lalikulu lidadzudzulanso mchitidwe wosesa anthu mwachisawawa m'mabala ndi m'misika. Phunziro lake ndi limodzi: pamene malire a mlandu saoneka, mawu a womanga ndiwo amasanduka lamulo, ndipo wosauka ndiye amalipira. Tisalole kuti chamba chopanga chidzakhale vakabu watsopano.

A ku Mauritius adaphunzira izi mowawa. Komiti yofufuza za malonda a mankhwala ozunguza bongo, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma pa ntchito Paul Lam Shang Leen, idatulutsa lipoti lake mu 2018, ndipo mwa zina idapempha kuti nthambi ya apolisi yolimbana ndi mankhwalawa, yotchedwa ADSU, ithetsedwe ndi kukhazikitsa ina, chifukwa chikhulupiriro mwa iyo chidali chitatha. Malonda a mankhwala ali ndi ndalama zambiri, ndipo ndalamazo zimayamba kugogoda pa khomo la amene adapatsidwa ntchito yowathetsa. Apolisi athu ambiri ndi ana a mtundu uno okhulupirika, amene amagona panja kuti ife tigone m'nyumba. Koma nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Wapolisi mmodzi amene aika kapepala m'thumba la munthu wosalakwa, kapena amene agulitsanso katundu wa umboni, amachititsa kuti mayi wa ku Chinsapo amene akudziwa nyumba yogulitsiramo mankhwala atseke pakamwa pake. Popanda mayi ameneyo apolisi ndi akhungu.

Chikhulupiriro cha anthu sichichedwa kusweka. Mu 2022 dziko lonse lidayankhula pamene mnyamata wina wa ku Blantyre adalamulidwa kukakhala kundende zaka 8 chifukwa cha chamba, m'masiku omwewo pamene mkulu wa kampani ina yaikulu adalipitsidwa chindapusa cha K1 miliyoni pa mlandu wa chamba. Milanduyo idali yosiyana m'zambiri, ndipo Bwalo Lalikulu lidachepetsa chilango cha mnyamatayo, koma chimene chidatsala m'mitima ya anthu ndi funso lakuti kodi lamulo limaona nkhope. Ngati funso lotere lidabuka pa chamba chooneka ndi maso, lidzabuka kowirikiza pa mankhwala amene umboni wake wonse ndi mawu a wapolisi ndi kalata ya katswiri.

Chifukwa chake tikupempha Boma lathu, kudzera m'maunduna a zaumoyo, zachilungamo ndi zachitetezo cha m'dziko, kuti lichite zinthu zinayi. Loyamba, lamulo la 1956 liunikidwe, ndipo chamba chopanga chiletsedwe monga banja lonse, kuti wosintha kachigawo ka mankhwala asapeze pozembera. Mawu ake akhale omveka, pakuti lamulo lotambalala mopanda malire nalonso limatsegula khomo la nkhanza. Lachiwiri, choletsedwacho chilengezedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zilankhulo zina, pa wailesi ndi m'misonkhano, kuti kholo, mphunzitsi ndi wapolisi adziwe chinthu chimodzi. Lachitatu, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsata lamulo la 2019, lipatsidwe makina, mankhwala oyezera ndi akatswiri okwanira, ndipo pakhale nthawi yoikika yotulutsira zotsatira, kuti munthu asaolere m'chitokosi podikira kalata. Lachinayi, lamulo lisiyanitse woitanitsa ndi wogulitsa ndi mwana amene wakodwa mu msampha. Oyambawo alandire chilango chowawa. Mwanayo malo ake ndi kuchipatala, monga cha amisala cha ku Zomba kapena kwa a St John of God amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pakuti ndende yodzaza sichiza munthu.

Kwa akuluakulu a polisi ku Area 30 tikuti: phunzitsani ana anu kulemba chimene aona, ndipo muwateteze akatero. Katundu wogwidwa ayezedwe kulemera kwake pamaso pa mwini wake ndi mboni, amatidwe, asainidwe, ndipo aliyense womugwira pambuyo pake alembe dzina lake. Pa khoma la polisi iliyonse, kuyambira ku Kanengo mpaka ku Kawale, palembedwe m'zilembo zazikulu kuti belo ya apolisi ndi yaulere. Wapolisi asayesedwe ndi kuchuluka kwa anthu amene wamanga. Ayesedwe ndi milandu imene yaima pa bwalo popanda kugwedezeka. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo, Independent Complaints Commission, ndipo wapolisi woona alibe chifukwa choliopera, pakuti ndilo lidzamuyeretsa akanamiziridwa. Boma nalo likumbukire kuti nyumba yabwino ndi malipiro ofika pa nthawi yake zimathandiza munthu kukana chiphuphu, ngakhale umphawi sungakhale chodzikhululukira cha wakuba.

Mawu otsiriza apite kwa ife eni, a m'Chipani ndi a m'maofesi a Boma. Pali chizolowezi china choipa chimene tiyenera kuchitchula dzina. Mwana wa mlongo wathu akagwidwa, timaimba lamya kwa mkulu wa polisi, tidzitchula udindo wathu, ndi kupempha kuti nkhaniyo ithe. Tikatero taphunzitsa wapolisi wamng'ono amene akumvetsera pambalipo kuti buku la milandu limafufutika. Mawa adzalifufuta yekha, pa mtengo wake. Gawo 158 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti apolisi ndi antchito a anthu onse mosakondera, ndipo chipani china chilichonse chisawagwiritse ntchito pa zofuna zake. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wopereka chiphuphu monga limalangira wolandira. Wapampando wa nthambi amene abisa wogulitsa mankhwala chifukwa amavala nsalu ya Chipani pa misonkhano sakutumikira Chipanicho. Akuchigulitsa pamodzi ndi ana a anthu amene adatisankha.

Ntchito yathu yeniyeni ili m'makwalala. Pa msonkhano uliwonse wa nthambi ku Biwi, ku Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25, patulidwe mphindi zofotokozera anthu kuti kusuta chamba sikudaloledwe, kuti masamba osanunkha akhoza kukhala oopsa kuposa onunkha, kuti mwana akakomoka atasuta chinthu chosadziwika athamangire naye kuchipatala osaopa apolisi, ndiponso kuti wofunsidwa chiphuphu akanene ku Anti-Corruption Bureau. Amayi a m'Chipani, amene amadziwa khomo lililonse m'dera lawo, agwirane manja ndi mafumu a m'malokeshoni, a mipingo, a mizikiti ndi makomiti a chitetezo cha m'madera. Achinyamata athu akhale oyamba kukana ndudu ya chilendo, ndi oyamba kuchenjeza anzawo.

Kusunga mwambo sikuyambira kwa wogwidwa. Kumayambira kwa wolemba lamulo, kuti alembe zomveka. Kwa wapolisi, kuti anene zoona. Ndi kwa mtsogoleri, kuti achotse dzanja lake pa buku la milandu. Aphungu athu ali ndi mpata wokonza lamuloli tsopano, maliro a ana athu asanatikakamize kutero mothamanga monga zidachitikira abale athu a ku Sierra Leone. Tikuyembekeza kuona nkhaniyi pa ndandanda wa zokambirana za Nyumba ya Malamulo.